Ana a kunyanja ndi ntchito yosamalira nyama ndi nsomba: kodi tinatsalira pati?

Mlendo akafika ku Chembe n'kufuna kuoloka kupita pachilumba cha Thumbi kapena cha Domwe, amene amamunyamula m'bwato ndi mnyamata wa m'mudzi momwemo. Mnyamatayo safunikira chida chomuuza za mphepo, pakuti akangoyang'ana madzi m'mamawa amadziwa ngati mwera ukubwera kapena ngati kuwomba mpoto. Amadziwa mwala umene mbuna zimasonkhanapo, mtengo umene nkhwazi imakonda kutera, ndiponso malo amene bwato siliyenera kuyandikira. Koma tikafunsa kuti ndani amene amalemba malipoti a nsomba zimenezi, ndani amayang'anira paki, ndani amakhala pamsonkhano wokonza malamulo a nyanja, kawirikawiri dzina limene limatuluka si la mwana wa m'mudzi umenewu. Kusiyana kumeneku kuli ndi mbiri yake, ndipo khomo lililonse la m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Nkhotakota mpaka ku Makanjira ndi kutsika ndi Shire mpaka ku Liwonde, liyenera kuidziwa.

Nzeru zinalipo sukulu isanabwere

Makolo athu ankaphunzitsana za nyama ndi nsomba popanda bolodi kapena choko. Mwana ankatsatira bambo ake kapena amalume ake kudooko, n'kuyamba ndi ntchito zazing'ono monga kukapa madzi m'bwato ndi kusoka ukonde. Patapita zaka ankaloledwa kugwira nkhafi, kenako kuponya matchera, ndipo amene anali ndi diso lakuthwa ankafika pokhala siginala, munthu amene amatsogolera anzake usiku ndi nyali pokola usipa ndi chilimira. Udindo umenewu sunkaperekedwa chifukwa cha msinkhu. Unkaperekedwa kwa munthu amene akuluakulu amuona kwa nthawi yaitali kuti amadziwa kumene nsomba zili ndiponso kuti sangaike miyoyo ya anzake pachiswe.

Kumtunda nakonso kunali akatswiri a njovu. M'zaka za m'ma 1800 amalonda Achiyao ankanyamula minyanga kupita nayo kugombe la nyanja yamchere, makamaka ku Kilwa, ndipo mafumu monga Makanjira ndi Mponda, komanso a Jumbe a ku Nkhotakota, anatchuka ndi malonda amenewa. Sitiyenera kuikometsera mbiri imeneyi. Minyanga inkayendera limodzi ndi malonda oipa a akapolo, ndipo mfuti zitachuluka njovu zinachepa kwambiri m'madera ambiri. Komabe mfundo yofunika pano ndi yakuti anthu a kuno ankadziwa mapazi a nyama, njira zake zopita kumadzi ndi nyengo zake zoswana, ndipo nzeruzo zinkachoka kwa mkulu kupita kwa mwana.

Malamulo a atsamunda

Dziko lino litakhala pansi pa ulamuliro wa Britain mu 1891, Harry Johnston anathira nkhondo mafumu a kum'mwera kwa nyanja, ndipo pofika mu 1895 mphamvu zawo zinali zitathyoledwa. Boma latsopanolo linayamba kuika malamulo pa mfuti ndi pa ulenje. Mu 1897 dambo la Elephant Marsh ku Chigwa cha Shire linaikidwa kukhala malo otetezedwa, ndipo mu 1926 kunabwera lamulo lina lokhwima la nyama zakutchire limene anthu akuda ambiri, ngakhalenso amishoni ena, anadandaula nalo chifukwa linkamanga manja mlimi pamene nguluwe ndi njovu zikumaliza munda wake. Malo a Lengwe anatetezedwa mu 1928, a Kasungu mu 1930, ndipo a Majete anatsatira m'zaka za m'ma 1950.

Pansi pa malamulo amenewa mlenje wakuda anatsala ndi njira zitatu. Akanatha kukhala wolondola mapazi a nyama patsogolo pa mzungu wokhala ndi chiphaso, akanatha kukhala mlonda wamba wolandira malamulo, kapena akanatha kupitiriza ulenje wa makolo ake n'kutchedwa wakuba. Maudindo oyang'anira anali a azungu. Kuyambira nthawi imeneyo mawu akuti "agemu" anayamba kumveka m'midzi ngati dzina la anthu obwera kudzalanda ndi kudzamanga, ndipo palibe kholo limene linkalakalaka kuti mwana wake adzakhale mmodzi wa iwo.

Panyanja zinthu zinayenda mofananamo, ngakhale kuti kunalibe nkhanza zoonekera. Mu 1939 kunabwera akatswiri atatu a ku Britain, mmodzi mwa iwo ndi mayi Ethelwynn Trewavas, kudzafufuza za nsomba za m'nyanja ino. Kuyambira mu 1945 mpaka 1947 Rosemary Lowe anafufuza za moyo wa chambo, ndipo m'zaka za m'ma 1950 Geoffrey Fryer anagwira ntchito ku Nkhata Bay pa nsomba za m'miyala. Anthuwa anagwira ntchito yotamandika imene ikuthandizabe mpaka lero. Koma tiyeni tione kumene mawu ena a m'mabuku awo anachokera. Dzina lakuti mbuna, limene tsopano likudziwika kwa osunga nsomba m'maiko onse, linatengedwa pakamwa pa asodzi Achitonga. Mtundu wina wa chambo unalembedwa m'mabuku a sayansi kuti lidole, potengera dzina limene asodzi ankautchula kale. Amene ankapalasa mabwato, kukoka makoka ndi kusiyanitsa mitundu ya nsomba pamchenga anali anthu a m'midzi yathu. Mayina a akatswiri aja anasungidwa, ndipo nsomba zina zinapatsidwa mayina awo. Mayina a asodzi amene anawaphunzitsa anapita ndi mafunde.

Chipata cha sukulu

Funso limene mwana wanzeru angafunse ndi lakuti: nanga pamene maudindo anayamba kutsegukira anthu akuda, bwanji ana a kunyanja sanalowe ambiri? Yankho lagona pa mbiri ya sukulu.

Mishoni ya Livingstonia inayambira ku Cape Maclear mu 1875, pamalo omwewo amene lero ali pakati pa paki ya nyanja, isanasamukire ku Bandawe mu 1881. Kwa zaka makumi ambiri zotsatira, pafupifupi sukulu zonse za m'dziko muno zinali m'manja mwa mipingo, ndipo boma silinakhale ndi nthambi ya maphunziro mpaka mu 1926. Sukulu ya mishoni inali khomo lolowera mumpingo. Makolo Achisilamu ankaona ana a anzawo akubwerako ndi dzina lina ndi chikhulupiriro china, choncho ambiri anasankha kusunga ana awo pakhomo. Sitingawaweruze mopepuka ife amene tinabadwa zinthu zitasintha, pakuti mantha awo anali ndi maziko.

Tisaganizenso kuti anthuwa ankadana ndi kuphunzira. Masheikh monga Abdallah Mkwanda ndi Thabit Ngaunje anayenda m'madera a kunyanja kuphunzitsa, ndipo ophunzira awo ankawerenga ndi kulemba m'zilembo za Chiarabu, ena n'kumalemberana makalata m'Chiswahili. Njira yawo inali yofanana ndi ya kudooko: wophunzira ankakhala pafupi ndi mwalimu wake zaka zingapo, kumutumikira ndi kutengera khalidwe lake, kufikira mwalimuyo atakhutira kuti akhoza kukaphunzitsa ena. Vuto linali lakuti ofesi ya boma sinkafunsa za maphunziro amenewa. Inkafuna Chingerezi ndi setifiketi, ndipo zinthu ziwirizi zinkapezeka kumishoni kokha. Pamene maboma ena ankatulutsa aphunzitsi, makalaliki ndi othandiza madokotala, kuno kunkatuluka asilikali, atelala, ophika ndi opita kumigodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia. Banja limene agogo ake anaphunzira limakankha mdzukulu kuti apite patali, pamene banja loyamba kumene limayambira pansi. N'chifukwa chake mpata umene unatseguka zaka 100 zapitazo ukuonekabe, moti maboma a Mangochi ndi Machinga akhala akutchulidwa kawirikawiri pakati pa madera amene ana ambiri amasiyira sukulu panjira.

Sukulu ya ku Mweka

Maiko a mu Africa atayandikira ufulu, anthu oganiza bwino anaona kuti azungu oyang'anira nyama adzachoka ndipo sipadzakhala wolowa m'malo mwawo. Mu 1961 kunachitika msonkhano ku Arusha, kumene Julius Nyerere analonjeza kuti dziko lake lidzasamalira nyama zakutchire, napempha maiko ena kuti athandize kuphunzitsa anthu ogwira ntchitoyo. Zotsatira zake zinali sukulu ya College of African Wildlife Management, imene inatsegulidwa mu 1963 ku Mweka, m'munsi mwa phiri la Kilimanjaro pafupi ndi tauni ya Moshi, ndipo mphunzitsi wamkulu woyamba anali Hugh Lamprey. Mu 1970 sukulu inanso yotere inatsegulidwa ku Garoua m'dziko la Cameroon kuti ithandize maiko olankhula Chifalansa.

Chimene chinatchukitsa Mweka n'chakuti ophunzira sankangokhala m'kalasi. Ankatha masabata ambiri ali m'tchire pamodzi ndi aphunzitsi awo, akugona m'matenti, kuwerenga nyama, kukonza galimoto ikawonongeka ndi kuphunzira kugwira mfuti mosamala. Imeneyi inali njira yomwe ija ya makolo yophunzira potsatira wodziwa, kungoti tsopano inkathera pa setifiketi imene boma linkailemekeza. M'zaka zochepa, anthu akuda anayamba kuyang'anira mapaki akuluakulu a kum'mawa ndi pakati pa Africa, ndipo Amalawi nawonso anatumizidwa kumeneko.

Dziko lathu linkawafunadi anthu otere. Nyika inakhala paki yoyamba mu 1965, Kasungu ndi Lengwe zinatsatira mu 1970, Liwonde mu 1973, ndipo paki ya Nyanja ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1980. Mu 1984 bungwe la UNESCO linaika paki ya nyanjayi pamndandanda wa malo ofunika kwa anthu a dziko lonse lapansi chifukwa cha mitundu mazanamazana ya nsomba imene sipezeka kwina kulikonse. Mapaki awiri omalizawa ali pakhomo pathu penipeni. Pokhazikitsa Liwonde mabanja ena anasamutsidwa pamalo a makolo awo. Ku paki ya nyanja midzi monga Chembe, Msaka, Mvunguti ndi Zambo inatsala mkati, koma usodzi unaletsedwa pamtunda wa mamita 100 kuchokera kugombe la paki. Anthu a kuno ndiwo anapereka malo ndi madzi. Koma wopita ku Mweka ankasankhidwa mwa amene anafika kusekondale, ndipo pamzere umenewo ana a kunyanja anali owerengeka. Chipata chimene chinawatsekera kunja m'nthawi ya atsamunda chinawatsekeranso kachiwiri m'nthawi ya ufulu, popanda munthu wochita kuwakaniza.

Phunziro la Mbenji ndi Malombe

Pali zinthu ziwiri zimene zinachitika m'madzi athu zosonyeza kuti nzeru za m'mudzi ndi nzeru za m'kalasi zimafunana. Pachilumba cha Mbenji m'boma la Salima, ufumu wa Makanjira wa kumeneko wakhala ukutseka usodzi m'nyengo yamvula kuyambira m'zaka za m'ma 1950, n'kumatsegula dzinja likatha. Malamulo ake amasungidwa ndi mfumu, nduna zake ndi asodzi eni ake, ndipo mpaka lero malowa amadziwika ndi utaka wabwino. Anthu amene anayambitsa dongosolo limeneli analibe madigiri, koma akatswiri a m'mayunivesite amapitako kukaphunzira.

Ku Nyanja ya Malombe kunachitika zosiyana. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 chambo chinkaphedwa chochuluka zedi, koma maukonde a maso ang'onoang'ono atafala, okokolola ndi tiana tomwe, pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chambo chinali chitatsala pang'ono kutheratu. Malamulo analipo, koma anali olembedwa kutali ndipo osunga ake ankaonedwa ngati alendo. Mu 1993 boma linayamba kukhazikitsa makomiti a m'madooko ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire, povomereza kuti nyanja singasungidwe popanda eni ake. Makomitiwo anakumana ndi mavuto awoawo, ndipo chambo sichinabwererebe mwakale. Mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu ya chambo m'gulu la zamoyo zimene zili pangozi yaikulu yakutha, ndipo lidole uja akukayikiridwa ngati akadalipo n'komwe. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Nyanja imafuna munthu amene angakhale pansi ndi asodzi n'kumvana nawo m'Chiyao kapena m'Chichewa, kenako n'kutembenuka kukalemba zimene wamvazo m'chilankhulo chimene boma ndi akatswiri amamva. Munthu wotere ndi wosavuta kumupeza mwa ana a asodzi, ngati ataphunzira.

Zaka za posachedwapa

Mu 1994 sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, ndipo chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Masiku ano mwana sasinthanso dzina kuti alowe m'kalasi. Ntchito ya m'mapaki nayonso yakula. Bungwe la African Parks linagwirizana ndi boma kuyendetsa Majete mu 2003, Liwonde ndi Nkhotakota mu 2015, ndipo nkhalango ya Mangochi inawonjezeredwa mu 2018. Anthu a ku Phirilongwe akukumbukira chaka cha 2009, pamene njovu 83 zimene zinkawononga minda ndi kupha anthu zinagwidwa n'kutumizidwa ku Majete. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina 263 zinachoka ku Liwonde kupita ku Kasungu. Ku Liwonde kunabwezeretsedwa akakwiyo mu 2017 ndi mikango mu 2018, ndipo mu 2019 kunafika zipembere 17 kuchokera ku South Africa. Misampha yawaya yoposa 30,000 yachotsedwa m'paki imeneyi.

Aliyense amene anaona njovu ikukwezedwa pagalimoto anaonanso kuchuluka kwa maluso amene amafunika: dokotala wa nyama wodziwa muyeso wa mankhwala ogonetsa, woyendetsa helikoputa, amakaniko, okonza mpanda wamagetsi, olondola nyama pakompyuta kudzera m'makolala oikidwa m'khosi, owerengera ndalama, operekeza alendo, ndi alangizi oyenda m'midzi yozungulira. Mlonda wonyamula mfuti ndi mmodzi chabe mwa antchito ambiri, ngakhale kuti ntchito yake ndi yolemekezeka ndiponso yoika moyo pangozi. Amalawi asonyeza kale kuti akhoza kufika pamwamba pa ntchitoyi. Mu 2017 a Brighton Kumchedwa, amene ankatsogolera nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire, analandira mphoto ya Tusk chifukwa cha ntchito yawo, chaka chomwecho chimene lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa kufika pa chilango cha zaka 30 m'ndende.

Ndipo tsopano mwana safunika kuoloka malire kuti aphunzire. Ku Mpwepwe, m'boma lathu lomwe la Mangochi, kuli sukulu ya boma ya zausodzi. Ku Dedza kuli sukulu ya zankhalango ndi nyama zakutchire. Yunivesite ya LUANAR imaphunzitsa za nsomba ndi zachilengedwe, ndipo ya Mzuzu ili ndi maphunziro a zankhalango, zausodzi ndi zokopa alendo. Bungwe limene linayamba mu 1947 ngati kagulu ka azungu okonda nyama, lomwe lero limatchedwa Wildlife and Environmental Society of Malawi, lakhala likuthandiza makalabu a zachilengedwe m'sukulu, ndipo makalabu amenewa ndiwo amapatsa ana ambiri mwayi woyamba wolowa m'paki ngati alendo olemekezeka.

Zimene mbiriyi ikutiuza

Tikaiyang'ana yonse, mbiriyi ikusonyeza kuti ana a kunyanja sanasowepo luso. Chimene chinkasowa ndi zinthu zitatu, ndipo zonse zili m'manja mwathu lero kuposa kale.

Choyamba ndi setifiketi. Sukulu zonse tatchulazi zimayang'ana mayeso a Fomu 4, makamaka Chingerezi, masamu ndi maphunziro a sayansi. Usipa ukagwa, ndalama ya tsiku limodzi imaoneka yaikulu m'manja mwa mnyamata wa Sitandade 7, ndipo ulendo wa ku Joni umakopa wa Fomu 2. Kholo limene limalola mwana kujomba nyengo imeneyo likutseka lokha chipata chimene agogo athu anachipeza chotsekedwa ndi ena. Izi zikukhudzanso atsikana, pakuti lero kuli amayi ovala yunifolomu ya m'paki ndi amayi ofufuza za nsomba, ndipo mtsikana wokwatiwa ali ndi zaka 15 sangafike kumeneko.

Chachiwiri ndi womutsogolera. Siginala ankaphunzira kwa siginala, wophunzira kwa mwalimu wake, ndipo wa ku Mweka kwa mphunzitsi amene ankagona naye m'tchire. Mwana amene sanaonepo munthu wa kwawo akugwira ntchito inayake saganiza kuti ntchitoyo ndi yake. Choncho ochepa athu amene analowa kale m'ntchito zimenezi ali ndi ngongole kwa a m'mbuyo mwawo: kubwera kusukulu ya kwawo kudzalankhula, kutenga mwana mmodzi kapena awiri patchuthi kuti akaone ntchito, kuwathandiza kulemba kalata yofunsira malo. Mafumu ndi makomiti a m'midzi yozungulira mapaki, akamakambirana ndi oyendetsa mapakiwo za mpanda ndi za mbewu zowonongeka, aziikanso patebulo nkhani ya malo ophunzirira ntchito ndi thandizo la fizi kwa ana a m'deralo.

Chachitatu ndi kusintha maganizo athu pa ntchitoyi. Mantha a "agemu" anali ndi chifukwa chake, ndipo ngakhale lero mlimi amene njovu yamudyera chimanga kapena msodzi amene walandidwa ukonde ali ndi madandaulo oyenera kumvedwa. Koma madandaulo amenewa amamveka msanga ngati m'ofesimo muli munthu amene anakulira m'mudzi wa m'mphepete mwa mpanda, amene amayi ake amalima munda womwewo. Mapaki ndi malamulo a nyanja zikhalapobe, kaya ife tilowemo kapena ayi, ndipo zimene zidzagamulidwe pa chambo, pa dooko ndi pa munda zidzagamulidwa ndi amene adzakhale m'chipindamo.

Kuwongola mtengo n'poyamba. Mnyamata uja wa ku Chembe ali kale ndi theka la maphunziro amene katswiri wochokera kutali amatha zaka akuwafunafuna. Theka linalo lili m'kalasi, mtunda wosakwana ola limodzi kuchokera pakhomo, ndipo amene angaonetsetse kuti wafikako m'mawa uliwonse, ngakhale usipa utagwa chotani, ndi ife makolo ake.